Foni Sinyamula Machira

Tsiku lina mukadzapita ku chipatala chilichonse muno mu Mzuzu, kaya ku St John's, ku Mapale kapena ku Central, mudzayang'ane m'manja mwa anthu. Namwino ali ndi foni m'thumba la yunifolomu. Wodikirira wodwala wakhala pakhonde, akujambula mawu oti apite kwa achibale ali ku Joni. Mayi woyembekezera ali pa mzere wa sikelo, akuonetsa mnzake zimene wawerenga pa Facebook. Wophunzira unamwino, asanafunse mphunzitsi wake, wayamba wafunsa makina aja amayankha ngati munthu. Kale ntchito yosamalira odwala inali ya anthu okhaokha. Lero pa ntchitoyi talandirapo anzathu atsopano, amene sadya, sagona, satopa.

Ine sindidana nawo alendowa. Amene tinayamba uzamba kalekale tikukumbukira nthawi imene kuitana ambulansi kunkadalira wailesi ya meseji, ndipo ikakana kugwira munkatuma munthu pa njinga usiku. Palibe mzamba amene angafune kubwerera kumeneko. Koma pali mfundo imodzi imene ndikufuna timvane, inu owerenga ndi ine, kaya ndinu achipatala, kaya ndinu makolo, kaya atsogoleri a mphakati. Makina atha kutithandiza kudziwa, kukumbukira ndi kufulumira, koma sangasenze udindo. Choncho chilichonse chimene chayambira pa makina chiyenera kukathera m'manja mwa munthu wodziwika dzina. Tikaiwala zimenezi, pamatayika miyoyo.

Mmene anthu timamvanirana

Tiyambe ndi zimene tonse tikuzidziwa. Amayi awiri akamasinja mu mtondo umodzi, palibe amene amawerengera mnzake. Wina akakweza munsi, wina watsitsa. Wina akayamba kutopa, mnzake amamva pa kulira kwa mtondo n'kuchepetsa liwiro. Asodzi a ku Nkhata Bay akamapalasa bwato, amuna akanyamula bokosi la maliro potsika zitunda za ku Masasa, kwaya ikamaimba m'tchalitchi cha St Peter's, zimachitika n'zomwezo. Aliyense amamvera phazi la mnzake, kupuma kwake ndi kulemedwa kwake, n'kusintha mayendedwe ake osauzidwa.

Akatswiri anazifufuzapo zimenezi. Mu 2009, Scott Wiltermuth ndi Chip Heath a ku yunivesite ya Stanford ku America anaonetsa kuti anthu amene ayenda mogwirizana mapazi, kapena kuimbira limodzi, amakhulupirirana ndi kuthandizana kwambiri pambuyo pake kuposa amene sanatero. Chaka chomwecho, akatswiri ena atamvetsera anthu akucheza m'zilankhulo 10 za m'madera osiyanasiyana a dziko lapansi, anapeza kuti pakati pa funso ndi yankho pamadutsa kanthawi kochepa zedi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi. Kutanthauza kuti mnzako asanamalize kulankhula, iwe wakonzeka kale kuyankha, chifukwa wamuwerenga pa nkhope ndi pa mawu. Ndi chifukwa chake netiweki ikamachedwetsa mawu, kucheza pa foni kumatopetsa: mumangodulana pakamwa, wina n'kumaoneka ngati wamwano pamene sanalakwe.

Kwa ife azamba, kumvana kotereku ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Mayi akachira n'kutaya magazi opitirira mamililita 500, timati zavuta, ndipo ngati sathandizidwa atha kutisiya m'maola awiri okha. Pamenepo ntchito imakhala yambiri nthawi imodzi. Wina akusisita chiberekero kuti chilimbe, wina akubaya oxytocin, wina akuika diripi, wina akuyeza BP, wina akulemba nthawi, wina akulankhula ndi mayiyo kuti asataye mtima. Timaphunzitsa ophunzira athu lamulo la magawo atatu: kutuma, kuvomera ndi kubweza mawu. Wotsogolera amatchula dzina la munthu n'kunena kuti, "Ikani diripi." Wotumidwayo amayankha mokweza, "Ndikuika diripi." Akamaliza amati, "Diripi yalowa." Sitimakuwa kuti, "Wina aike diripi!" chifukwa tinaphunzira kalekale kuti ntchito ya "wina" sigwiridwa. Sungani lamuloli, tilifunanso kutsogoloku.

Anzathu amene atithandiza

Mnzathu woyamba wosakhala munthu amene wophunzira uzamba amakumana naye ndi chidole. Mu 2010 munayamba maphunziro otchedwa Helping Babies Breathe, othandiza ana obadwa osapuma, ndipo kuno kwathu anafikanso. Amagwiritsa ntchito chidole chotchedwa NeoNatalie, chopangidwa ndi kampani ya Laerdal ya ku Norway. Mumachithira madzi kuti chilemere ngati khanda. Wophunzira amachipukuta, amachisisita kumsana, ndipo chikapanda kupuma amayamba kuchipumitsa ndi kachikwama kopopera mpweya mphindi imodzi isanathe. Atha kulakwitsa kakhumi, palibe mayi amene angalire. Ku Tanzania, kafukufuku wa m'zipatala 8 amene anasindikizidwa mu 2013 anapeza kuti maphunzirowa atakhazikitsidwa, imfa za makanda m'maola 24 oyamba zinatsika ndi 47 pa 100 alionse.

Koma taonani chinthu ichi. Chidolecho sichipuma chokha. Kumapeto kwa timapaipi take kuli dzanja la mphunzitsi, amene amafinya kuti chifuwa chikwere kapena kuti mchombo ugunde. Chinzake chachikulu, MamaNatalie, mphunzitsi amachita kuvala pamimba pake, ndipo ndiye amabuula, kukankha mwana ndi kutsegula magazi oyerekezera. Wophunzira akamaphunzira ndi chidole, kwenikweni akuphunzira kumvana ndi munthu.

Chimodzimodzinso Chipatala Cha Pa Foni. Chinayamba ku Balaka mu 2011 ndi bungwe la VillageReach, pofuna kuthandiza amayi oyembekezera ndi ana, ndipo pambuyo pake chinafalikira dziko lonse n'kuperekedwa m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Ambiri tinachidziwa ndi nambala ya 54747. Mayi wa kutali ndi chipatala amaimba mwaulere n'kumva uphungu. Ubwino wake wagona pa zinthu ziwiri: kuseri kwa nambalayo kuli anthu ophunzira zaumoyo, ndipo akamva chizindikiro choopsa amauza woimbayo kuti anyamuke apite ku chipatala. Foniyo imadziwa polekezera ntchito yake.

Nanga WhatsApp? Lero namwino wa pa chipatala chaching'ono cha kumudzi atha kudziwitsa chipatala chachikulu kuti kukubwera mayi wa BP yokwera, ambulansi isanadutse n'komwe pa Ekwendeni. Zikayenda bwino, mayiyo amapeza bedi, mankhwala ndi dokotala zili chire. Zonsezi ndi mphatso, ndipo tiyenera kuthokoza. Koma pa zitsanzo zitatu zonsezi, chimene chapulumutsa moyo n'chakuti kumapeto kwa makina kwapezeka munthu.

Pamene timapusitsika

Vuto lathu anthu ndi lakuti chinthu chikangotiyankha, mtima wathu umachitenga ngati munthu. Izi sizinayambe lero. Mu 1966, Joseph Weizenbaum wa pa sukulu ya MIT ku America anapanga pulogalamu ya kompyuta yotchedwa ELIZA. Sinkadziwa kanthu, inkangotembenuza mawu a munthu n'kuwabweza ngati funso. Komabe mlembi wa mu ofesi yake, amene ankadziwa bwino kuti ndi makina chabe, anapempha bwana wakeyo kuti atuluke kaye kuti acheze nayo payekha. Ngati makina osalankhula bwino a nthawi imeneyo anakopa munthu chotero, kuli bwanji ChatGPT, imene inatuluka mu Novembala 2022, ndi anzake amene amayankha mwaulemu, mwachangu ndiponso mosakayika?

Kupusitsika koyamba kuli pa timizere tiwiri tija timasanduka tobiriwira uthenga ukawerengedwa. Tikationa, mtima umakhala pansi ngati kuti wina wavomera. Komatu timizereto sitinena kuti, "Ndikuika diripi." Timangonena kuti uthenga watsegulidwa. Mwina wautsegula ali ku maliro, mwina ali pa kabaza, mwina ndi mwana amene akuseweretsa foni ya amayi ake.

Ndinaonapo pa chipatala china, chimene sindichitchula, uthenga wa mayi wotumizidwa usiku utaikidwa pa gulu la anthu ambirimbiri. Wotumiza analemba zonse bwinobwino. Ambiri anauona, wina mpaka anaikapo kachithunzi ka chala chachikulu. Aliyense anaganiza kuti amene ali pa ntchito usikuwo wauona, pamene iyeyo anali wotanganidwa ndi mayi wina, foni ili m'chikwama. Ambulansi inafika anthu osayembekezera. Mayiyo anapulumuka, koma mphindi zimene zinatayika pofunafuna magazi ndi kudzutsa anthu zikanatha kumutengera kumanda. Panalibe waulesi kapena wankhanza usiku umenewo. Gulu la pa foni linangotibwezera ku chizolowezi chija tinachiletsa m'chipinda chochilira, chokuwa kuti "wina achite."

M'mabanja mwathu zilinso chimodzimodzi. Agogo adwala ku Chibavi, gulu la banja ladzaza ndi mauthenga a "tikupemphera" ochokera ku Lilongwe, ku Joni ndi ku UK. Ndalama zalowa pa Mpamba ndi pa Airtel Money. Zonsezi n'zabwino ndithu. Koma pofika madzulo, palibe amene wapita kukawatembenuza pa mphasa, kuwasambitsa kapena kuona ngati amwa mankhwala. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, n'zoona, koma zala makumi awiri zimene zonse zili pa foni siziswanso.

Mawu amene makina samva

Kupusitsika kwachiwiri ndi kufunsa makina za matenda n'kukhutira ndi yankho. Makinawa amaphunzira kuchokera ku zolembedwa, ndipo zambiri mwa zolembedwazo n'za Chingerezi. Chichewa amachidziwa mwapatalipatali, ndipo Chitumbuka, Chitonga, Chinkhonde ndi Chilambya, zimene odwala athu kuno kumpoto amalankhula akamva ululu, amazidziwa pang'ono kuposa apo. Komanso ife sitilankhula za uchembere mwachindunji. Mayi woyembekezera akati "ndadwala," mzamba amadziwa kuti nthawi yakwana. Akati "ndikumva msana," sitimupatsa panado n'kumuuza kuti akagone. Tikati "wachira," tikutanthauza kuti wabereka. Mtsikana amene wapita padera mwina sanena n'komwe, amangoti m'mimba mukupota, uku akuyang'ana pansi.

Kuonjezera apo, ulemu wathu umabisa matenda. Mayi atha kukuyankhani kuti, "Ndili bwino, anesi," pamene zikhatho zake zayera, mkati mwa zikope mulibe magazi, ndipo akupuma mothamanga. Mzamba amakhulupirira zimene maso ndi manja ake apeza kuposa mawuwo. Makina amangolandira zimene mwalemba, ndipo akalakwitsa amalankhula ndi chidaliro chomwe chija amalankhula nacho akalondola. Mayi akavulala chifukwa cha uphungu wanga, ine ndili ndi dzina, ndili ndi chiphaso, ndipo bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi litha kundiitana kuti ndikayankhe. Makina akasokeretsa mwana wanu, mukadandaula kwa yani?

Ife ophunzitsa tinaona malire amenewa nthawi ya Covid-19. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Marichi 2020, maphunziro ambiri anasamukira pa foni, ndipo tinathokoza kuti sanaimiretu. Ophunzira atabwerera, ambiri ankatha kutchula ndondomeko yonse yothandizira mayi wotaya magazi osaphonya. Koma mukawaika anayi pa bedi limodzi, manja ankawombana, awiri ankathamangira ntchito imodzi, ina n'kutsala. Nzeru anali nazo, chimene chinkasowa ndi kumverana kuja kwa amayi a pa mtondo. Chimenecho chimabwera pokhapokha mwaimirira limodzi, mwatuluka thukuta limodzi, kambirimbiri.

Zimene otsutsa anganene

Wina anena kuti, "Amayi, mukulankhula ngati anamwino alipo okwanira. Pa chipatala chathu namwino ndi mmodzi, usana ndi usiku. Si bwino kufunsa foni kusiyana n'kusafunsa aliyense?" Funso limeneli ndi loona, ndipo sindilipeputsa. Yankho langa n'lakuti funsani, werengani, phunzirani. Koma kuchepa kwa anamwino kusatipangitse kuvomera kuti osauka azithandizidwa ndi makina pamene olemera akuonedwa ndi dokotala. Foni ikhale yofupikitsa ulendo wopita kwa munthu, ndipo tisaleke kupempha boma ndi CHAM kuti alembe ntchito anamwino amene timawaphunzitsa chaka ndi chaka, ambiri mwa iwo akungokhala pakhomo ndi ziphaso zawo.

Wina anenanso mawu owawa kuposa awa: "Foni siindikalipira. Siindifunsa kuti mimba ndaitenga bwanji ndili pa sukulu." Anzanga anamwino ndi azamba, mawu amenewa tiwamve. Ngati mtsikana wa ku Zolozolo akusankha kuuza makina chinsinsi chake m'malo mouza ife, mlandu suli pa makinawo. Iye wapeza kumeneko kuleza mtima kumene anakusowa pa tebulo lathu. Makina samukonda, koma samunyozanso. Ife amene titha kumukonda, tiyambe ndi kuleka kumunyoza.

Ndipo kukhalapo kwa munthu ndi mankhwala enieni, oyezeka. Mu 2017, akatswiri a bungwe la Cochrane anasonkhanitsa kafukufuku 26 wochokera m'maiko 17, wokhudza amayi oposa 15,000. Anapeza kuti mayi amene ali ndi womuperekeza wokhala naye nthawi yonse ya kubereka amachira msanga, ndipo mwayi woti achitidwe opaleshoni umachepa. Mu 2018 bungwe la WHO linalimbikitsa kuti mayi aliyense aziloledwa kukhala ndi womuperekeza amene wadzisankhira. Woperekezayo sabaya jakisoni. Amagwira dzanja, kupukuta thukuta, kusisita msana ndi kuitana namwino zikasintha.

Mpingo ukutinji?

Pa 28 Januwale 2025, Likulu la Mpingo ku Vatican linatulutsa chikalata chotchedwa Antiqua et Nova, chofotokoza za nzeru za makina ndi nzeru za munthu. Chikalatachi sichiletsa makinawa. Chimavomereza kuti angathandize kwambiri pa zaumoyo, makamaka kwa anthu okhala kutali ndi chithandizo. Koma chimachenjeza kuti asalowe m'malo mwa ubale wa wodwala ndi womusamalira, ndi kuti chiganizo cha chithandizo cha wodwala, pamodzi ndi kulemera kwa udindo wake, zikhale pa munthu nthawi zonse.

Kwa ife akhristu izi si zachilendo. Kumbukirani munthu wofa ziwalo wa mu Marko mutu 2. Anafika kwa Yesu chifukwa amuna anayi ananyamula machira ake. Anayenera kuyenda mogwirizana mapazi, kugwirizana zokwera padenga, ndi kumutsitsa mofanana kuti asagwe. Mmodzi akanangosiya ngodya yake poganiza kuti ena agwira, nkhaniyo ikanatha mwina. Kumbukiraninso Amayi Maria, amene atamva kuti Elizabeti ali woyembekezera mu ukalamba wake, ananyamuka okha kupita kumapiri n'kukakhala naye pafupifupi miyezi itatu. Ife azamba timaikonda nkhani imeneyi, chifukwa miyezi imeneyo ndi yomaliza ya mimba, imene mayi amafuna munthu pafupi.

Tichitenji tsono?

Kwa anzanga achipatala: uthenga wa wodwala wotumizidwa usathere pa gulu. Lembani pa gulu, kenako imbani foni kwa munthu mmodzi amene ali pa ntchito, mumve mawu ake akuvomera, mulembe dzina lake ndi nthawi. Wolandira naye abweze mawu wodwalayo akafika. Ndi lamulo lomwe lija la kutuma, kuvomera ndi kubweza. Musaike nkhope kapena dzina la wodwala pa gulu popanda chilolezo chake. Dziko lathu lili ndi lamulo la 2024 loteteza zinsinsi za anthu, ndipo lumbiro lathu linatiletsa kale. Mukamalemba pa kompyuta kapena pa foni wodwala ali patsogolo panu, muuzeni chimene mukuchita, kenako kwezani maso mumuyang'ane.

Kwa oyang'anira zipatala ndi mabungwe amene amatibweretsera zipangizo zatsopano: musanatipatse pulogalamu ina ya pa foni, tiuzeni kuti ikalira amene adzayankhe ndani, magetsi ndi netiweki zikapita tidzatani, ndiponso ngati ikutichotsera ntchito kapena ikutionjezera kulemba kawiri. Ndipo pa ndalama za zipangizozo, patulaniponi zina zoti antchito aziyeserera limodzi pafupipafupi pa malo awo a ntchito.

Kwa inu amayi oyembekezera ndi amuna anu: mukaona magazi, mutu ukamawawa kwambiri, maso akamachita mdima, nkhope ndi manja zikatupa, thupi likatentha, madzi akatuluka nthawi isanakwane, kapena mwana akasiya kugunda, imeneyo si nthawi yofunsa foni kapena kudikira kuti gulu la banja ligwirizane. Nyamukani. Foni muigwiritse ntchito poitana galimoto ndi kudziwitsa achipatala kuti muli m'njira. Mimba ikafika miyezi isanu ndi iwiri, mukhale mutadziwa kale dzina la amene adzakuperekezeni, amene adzasamale ana otsala, ndi woyendetsa amene angadzuke usiku.

Kwa atsogoleri a miphakati ndi mabungwe a mu Mpingo: gulu lanu la WhatsApp likalandira uthenga wa wodwala, mapemphero apitirire, koma mlembi asagone asanalembe kuti mawa akupita ndi uje, Lachitatu ndi uje, ndipo opitawo abweze mawu kuti apeza zotani. Achibale a kunja amene atumiza ndalama muwauze zoona za mmene wodwala alili, ndipo iwo aziimba kuti wodwalayo amve mawu awo.

Makinawa azipitabe patsogolo. Adzalankhula Chitumbuka chabwino, mwina adzatha kuona kuyera kwa zikhatho pa chithunzi. Zikadzatero tidzawalandira, monga tinalandirira chidole ndi foni. Koma funso loti tiziwafunsa lidzakhala lomweli: kuseri kwako kuli ndani, ndipo zikavuta adzabwere ndani? Ngati palibe dzina la munthu limene lingatchulidwe, dziwani kuti wodwala wanu akadali yekha, ndipo woyenera kunyamuka ndinu.